Zoti sanatayepo ndege ndi imodzi yomwe, lekani kufalitsa

Sabata yathayi mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa kuyendetsa ndege anandionetsa kavidiyo pafoni, maso ali gwa. Kankanena za asilikali akuda a ku America otchedwa Tuskegee Airmen, kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankaperekeza ndege zoponya mabomba ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene adani anaigwetsa. Ndinam'bwezera foni yake. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri moti yafika pondikwana.

Si zoona. Bodzali linatchuka mu March 1945 nyuzipepala ya Chicago Defender itazilemba, ndipo linakhala zaka zoposa 60 anthu akungopatsirana. Daniel Haulman, wofufuza mbiri ya asilikali a m'ndege a dzikolo, atasanthula malipoti a tsiku ndi tsiku anapeza kuti gulu lawo, la 332nd Fighter Group, linaperekeza maulendo 179, ndipo pa maulendo 7 ndege za adani zinagwetsa ndege zoponya mabomba zokwana 27. Magulu anzawo operekeza, amene ankanyamukira ku Italy ngati iwowo, anataya pafupifupi 46 gulu lililonse. Mbiri yoteroyo ikusowanso kuthira mchere?

Tsiku limene limandisowetsa tulo ndi 18 July 1944. Ananyamuka ku bwalo lawo la Ramitelli, ku Italy, pa ndege za P-51 Mustang zopaka utoto wofiira kumchira, kukakumana ndi ma B-17, ndege zoponya mabomba, opita ku Memmingen, ku Germany. Ma B-17 aja anachedwa ndipo anabalalika, mzere wake kutalika. Ali m'njira, cha kumpoto kwa Italy, adani anatulukira. Apa ndi pamene a mavidiyo samvetsa. Mustang inkanyamula mathanki amafuta owonjezera kunsi kwa mapiko, ndipo sungalimbane ndi mdani uli nawo, umayenera kuwataya. Ukangowataya, ulendo wautali wathera pomwepo. Amene analimbana kumeneko sanapitirire, ndipo otsalawo anachepa. Tsiku limenelo anagwetsa ndege za adani 12, Clarence Lester yekha anagwetsa zitatu, koma ma B-17 okwana 15 sanabwerere. Iliyonse inkanyamula amuna pafupifupi khumi. Werengani nokha.

Ndiye wina akamati sanatayepo ndege, amuna amenewo akuwaika kuti?

Ntchito yoperekeza inali ya wotchi ndi geji ya mafuta. Mtsogoleri wawo, Benjamin O. Davis Jr., ankawaletsa kuthamangitsa mdani n'kusiya ndege zimene akuziteteza, poti Ajeremani ankatha kukukopa ndi ndege zochepa kuti zinzake zilowe kumbuyo. Kwa mnyamata wa magazi otentha, kuona mdani akuthawa iwe n'kubwerera pamalo pako, n'kowawa. Ndipo poti Mustang inkathamanga kuposa B-17, ankauluka mokhotakhota pamwamba pake, mafuta akupita pachabe, maola asanu kapena asanu ndi limodzi uli wekha m'kampando kopanikiza, chigoba cha mpweya chili kumaso, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Mustang nayonso musaisandutse mngelo. Inayamba kuchita bwino m'mwamba kwambiri ataiika injini ya Merlin ya Rolls-Royce, imene ku America inkapangidwa ndi Packard. Kuti ifike kutali anaiwonjezera thanki ya magaloni 85 kumbuyo kwa mpando, ndipo thankiyo ikadzaza, ndege inkavuta kuiwongolera pokhota, moti ankayamba kugwiritsa ntchito mafuta a mmenemo. Injiniyo inkaziziritsidwa ndi madzi, rediyeta ili kumimba. Chipolopolo chimodzi chikaboola pamenepo, injini inkatentha n'kuima. P-47 Thunderbolt, imene a Tuskegee anaiyendetsako pang'ono asanalandire Mustang, inkapirira zipolopolo koma inali ndi ludzu la mafuta. N'chifukwa chake pa 14 October 1943, ku Schweinfurt, ku Germany, operekeza a magulu ena oyendetsa ma P-47 atabwerera panjira, pa ma B-17 okwana 291 panagwa 60.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana anga a m'kalasiwa. Akaonera akatswiri a pa TikTok ndi YouTube, amene sanagwirepo chiwongolero cha ndege, amabwera ndi maganizo oti woyendetsa wabwino ndi wolimba mtima basi. Woteroyo ndi amene amati mafuta akwana asanawerengere, amachedwa kutembenuka nyengo ikuipa, n'kumati ndiona kutsogoloko. Ine ndikaona wophunzira akuyang'ana geji kachiwiri n'kukhala chete osandiuza, ndimalanda ndege nthawi yomweyo, tikakambirane pansi. Mnyamata wa kavidiyo uja ndamupatsa ntchito: awerengere mafuta a ulendo wa pa 24 March 1945, kuchoka ku Ramitelli kukafika ku Berlin n'kubwerera, pafupifupi mamailosi 1,600, ndipo andionetse pamene akanatayira mathanki ake. Abweretse Lolemba, polemba pamanja.