Chindoko chimabisala mwa mayi n'kukaonekera pa mwana

Ku sikelo kumene ndimagwira ntchito ya uzamba kuno ku Joni, ndikauza mayi kuti magazi aonetsa chindoko, yankho limakhala limodzimodzi: "Koma anamwino, ine sindikumva kuwawa paliponse." Sanama ayi. Kachilonda koyamba sikapweteka, nthawi zambiri kamakhala mkati mosaoneka, ndipo kamapola kokha pakapita masabata ochepa. Ena amatuluka tizidzolo m'manja ndi kumapazi, nato n'kuzilala. Munthu amati wachira, pamene kachilombo, kotchedwa Treponema pallidum, kakuyendabe m'magazi.

Mayi akatenga pakati, kachilomboka kamadutsa pa nsengwa n'kumufika mwana. Mimba ikhoza kupita padera, mwana kubadwa wakufa kapena wosakwana masiku. Wina amabadwa wooneka bwinobwino, koma pakapita masabata mphuno zimayamba kuchucha mosalekeza, khungu la m'manja kusupuka, chiwindi kutupa. Akakula osathandizidwa akhoza kugontha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 mimba pafupifupi 150,000 padziko lonse zinathera kupita padera kapena mwana wakufa chifukwa cha chindoko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mankhwala ake ndi akalekale, penisilini. Timabaya chala kuti tiyeze magazi, zotsatira zimatuluka musananyamuke pa benchi, ndipo jakisoni woyamba mumabayidwa tsiku lomwelo. Kuno timabaya katatu, kamodzi pa sabata. Amapweteka, sindikubisirani, mankhwala ake ndi okhuthala ndipo thako limalemera tsiku lonse. Koma kuti mwana atetezeke, chithandizo chiyambe kutatsala masiku osachepera 30 kuti abadwe. Mukabwera mwezi wothera, timathandizabe, koma mwanayo angafunike kugonekedwa m'chipatala masiku 10 akulandira penisilini wakewake.

Tsono vuto lathu a kumudzi ndimalidziwa. Tinaleredwa kuti mimba yaing'ono siilengezedwa, timadikira ionekere yokha. Kuno kwawonjezeka zina: pasipoti yatha masiku, abwana amadula ndalama ya tsiku ukajomba, pamzere uyenera kuima mbandakucha. Mayi wina wa ku Rosettenville, wochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, anabayitsa woyamba n'kusowa mwezi wathunthu. Atabwera anati, "Ndikanapempha Lachiwiri katatu, ntchito ikanatha." Ndinamumvetsa, koma tinayambiranso pa woyamba, chifukwa mpata ukatalika kwambiri wakalewo sitiuwerengeranso. Tinamulembera kalata yoti akaonetse abwana. Kalatayo sitchula matenda.

Za mapepala, dziwani kuti mu April 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi. Sindikunena kuti pakhomo paliponse mudzalandiridwa ndi nsangala, koma lamulo lili mbali yanu.

Abambo, mawu awa ndi anu. Mayi akhoza kumaliza majakisoni onse atatu, inu n'kumupatsiranso usiku umodzi, mwana n'kubwerera pangozi yomweyo. N'chifukwa chake timayezanso magazi mimba ikamakula, ngakhale oyamba anali abwino. Ndipo musayambe milandu yoti anabweretsa ndani, poti chindoko chimatha kukhala m'thupi zaka osadziwika, mwina kuyambira musanakumane n'komwe. Kapepala kamene timapatsa akazi anu kuti akupatseni si samani ya kukhoti. Bwerani nako, tikubayeni, ndipo mugwiritse kondomu mpaka nonse mutamaliza.