Miyala ya kachisi wa Parthenon: momwe mlandu wa Athens ndi London unayambira

Mu Novembala 2023, nduna yaikulu ya dziko la Greece, a Kyriakos Mitsotakis, anali ku London komwe amayenera kukumana ndi mnzawo wa ku Britain, a Rishi Sunak. Kutatsala maola ochepa, a Sunak anathetsa msonkhanowo. Nkhani yake inali ya miyala. A Mitsotakis anali atanena pa BBC kuti kusunga gawo la zosema za kachisi wa Parthenon ku London, gawo lina n'kukhala ku Athens, n'chimodzimodzi kudula pakati chithunzi cha Mona Lisa. Atsogoleri awiri analephera kupatsana moni chifukwa cha miyala yosemedwa zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo kuti timvetse chimene chimawawa pankhaniyi tiyenera kuyambira pa moto.

M'chaka cha 480 Yesu asanabadwe, mfumu Xerxes ya ku Persia inalowa m'dziko la Agiriki ndi chinamtindi cha asilikali. Anthu a ku Athens anasiya mzinda wawo, ambiri n'kuwolokera pachilumba cha Salamis. Adaniwo anakwera paphiri la mwala lomwe lili pakati pa mzindawo, lotchedwa Acropolis, n'kutentha zonse, kuphatikizapo kachisi wina wa mulungu wamkazi Athena amene anali asanathe kumangidwa. Chaka chomwecho Agiriki anagonjetsa zombo za Xerxes ku Salamis, ndipo chaka chotsatira anapambananso pamtunda ku Plataea. Eni mzinda atabwerera anatenga zidutswa za zipilala zopsazo n'kuzimangira mu linga la kumpoto kwa phirilo, poyang'ana kumzinda. Mpaka lero zimaoneka.

Poopa kuti mdani abweranso, mizinda yambiri ya Agiriki, makamaka ya m'zilumba ndi m'mbali mwa nyanja ya Aegean, inapanga mgwirizano mu 478. Mzinda uliwonse unkasonkha zombo kapena ndalama, ndipo thumba lake linkasungidwa pachilumba chopatulika cha Delos. Athens ndiye ankatsogolera. Koma utsogoleri uja pang'ono ndi pang'ono unasanduka ulamuliro. Chilumba cha Naxos chitafuna kutuluka, anachizinga mpaka kugonja. Thasos nayenso zinamuonekera zomwezo. Mu 454 thumba lija linachoka ku Delos kupita ku Athens, ndipo kuyambira pamenepo gawo limodzi mwa magawo 60 a msonkhowo linkaperekedwa kwa Athena. Patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 447, pansi pa utsogoleri wa Pericles, ntchito yomanga Parthenon inayamba.

Sikuti onse a ku Athens anasangalala nazo. Wolemba mbiri Plutarch, amene anakhalako zaka mazana angapo pambuyo pake, amanena kuti otsutsa Pericles ankadandaula m'bwalo kuti mzinda ukudzikongoletsa ngati mkazi wonyada pogwiritsa ntchito ndalama zimene anzawo anasonkhera nkhondo. Mtsogoleri wa otsutsawo anali Thucydides mwana wa Melesias, osati wolemba mbiri wotchuka wa dzina lomweli. Ku Athens kunali mwambo woti nzika zizilemba pa mapale dzina la munthu amene zikufuna kuti achoke, ndipo wolembedwa kwambiri ankapirikitsidwa kwa zaka khumi. Mapale anagwera Thucydides, Pericles n'kupitiriza kumanga. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa amene amakonda Greece, ine ndemwe, timafulumira kuiwala kuti kachisi ameneyu anamangidwa ndi mzinda umene unkapondereza anzake, umene unali ndi akapolo ambirimbiri, ndiponso umene akazi ake analibe mawu m'bwalo. Mlandu wa ndalama za eni unalipo mwala woyamba usanaikidwe.

Koma ntchito imene inatuluka m'manja mwa amisiriwo ndi yodabwitsa. Mwala woyera wa mabo ankaukumba kuphiri la Pentelikon, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda, n'kuukoka pangolo mpaka kukwera nawo pa Acropolis. Amene anajambula mamangidwe ake anali Iktinos ndi Kallikrates, ndipo wosema Phidias ndiye amatchulidwa kuti ankayang'anira zosemasema. Kunja kuli zipilala 46, zisanu ndi zitatu kumaso, 17 m'mbali. Ukayang'ana umaona ngati zonse n'zoongoka, pomwe pansi pake n'potukuka pang'ono chapakati, zipilala n'zonenepa pang'ono m'mimba ndipo zinapendekera m'kati mwakuti diso silizindikira. M'kati munaima chiboliboli cha Athena chotalika pafupifupi mamita 12, chokutidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu, chomwe anachipatula mu 438. Zosema zomaliza zinatha mu 432. Chaka chotsatira nkhondo yaikulu ya Athens ndi Sparta, mzinda wina wa Agiriki, inabuka, ndipo inatha ndi kugonja kwa Athens mu 404.

Zosema za kunja zinali za mitundu itatu. Pamwamba pa khomo la kum'mawa panali nkhani ya kubadwa kwa Athena kuchokera m'mutu mwa Zeus, mfumu ya milungu. Kumadzulo kunali mkangano wa Athena ndi Poseidon, mulungu wa nyanja, wolimbirana dzikolo: Poseidon anatulutsa kasupe wa madzi amchere, Athena anameretsa mtengo wa azitona, ndipo mtengo unapambana. Pamwamba pa zipilala panali miyala 92, uliwonse ndi chithunzi chake cha nkhondo, ina ya milungu ndi ziphona, ina ya Agiriki ndi akazi ankhondo otchedwa Amazoni, ina ya anthu ndi zilombo zija za mutu wa munthu thupi la hatchi.

Mtundu wachitatu ndi umene umandigwira mtima. Ndi mzere umodzi wa zosema wotalika mamita 160, wozungulira khoma lonse la m'kati, ndipo akatswiri ambiri amati ukuonetsa mdipiti wa chikondwerero cha Panathenaia. Chikondwererochi chinkachitika chaka ndi chaka, koma chachikulu kamodzi pa zaka zinayi. Anthu ankasonkhana kuchipata cha mzinda ku Kerameikos, kudutsa pamsika waukulu, n'kukwera phiri kukapereka kwa Athena chovala chatsopano chowombedwa ndi akazi ndi atsikana a mumzindawo. Pamwalapo nkhani imayambira pangodya ya kumwera chakumadzulo. Anyamata akukonzeka, wina akumanga nsapato, wina akugwira hatchi yopulukuta. Kenaka mahatchi ayamba kuthamanga, miyendo kupiringizana, mitsempha kuoneka pamimba. Patsogolo pali magaleta, akuluakulu a ndevu, oimba zitoliro ndi azeze, anyamata osenza mitsuko paphewa, ng'ombe ndi nkhosa za nsembe. Ng'ombe imodzi yatukula mutu ngati ikulira. Liwiro limachepa pang'ono ndi pang'ono mpaka atsikana oyenda mwaulemu, ndipo mizere iwiri, wa kumpoto ndi wa kumwera, ikukakumana kum'mawa kumene milungu yakhala pamipando. Aliyense amene anaperekezapo mkwatibwi kapena kuyenda nawo pamwambo wolonga ufumu amadziwa kuti mdipiti uli ndi mutu, mimba ndi mchira. Sungadule pakati n'kunena kuti waona mwambo. Miyalayi inalinso yopakidwa utoto, ndipo zotsalira za utoto wa buluu zinapezeka pa ina imene ili ku London.

Zaka zotsatira zinaudya kachisiyu pang'onopang'ono. Chiboliboli cha golide chinasowa. Chikhristu chitafalikira, nyumbayo inasanduka tchalitchi cha Mariya, ndipo nkhope zambiri za milungu yakale zinagobedwa. Ufumu wa Ottoman, wochokera kumene lero ndi ku Turkey, utalanda Athens cha m'ma 1450, tchalitchi chinasanduka mzikiti. Komabe denga ndi makoma zinali chiimire mpaka 1687, pamene asilikali a Venice, mzinda umene lero uli ku Italy, motsogozedwa ndi Francesco Morosini anazinga phirilo. Asilikali a Ottoman anasunga wonga wawo m'kachisimo, mwina poganiza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pa 26 Sepitembala chipolopolo cha mzinga chinagwera momwemo. Pakati pa nyumbayo panaphulika, denga linapita, zipilala za m'mbali zinagwa, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa. Morosini anafunanso kutsitsa mahatchi osema a kumadzulo kuti apite nawo kwawo, koma anagwa n'kuphwanyika.

Ndiye pakubwera munthu amene dzina lake lamatirira pamiyalayi. Thomas Bruce, wodziwika ndi udindo wake wa Lord Elgin, anapita ku Constantinople, likulu la Ottoman, ngati kazembe wa Britain mu 1799. Poyamba anatuma gulu la amisiri, motsogozedwa ndi wojambula wa ku Italy Giovanni Battista Lusieri, kuti akajambule ndi kuumba zifanizo za zosemazo. Mu 1801 zinthu zinamuyendera, chifukwa asilikali a Britain anali akuthandiza Ottoman kuchotsa Afalansa ku Egypt. Elgin ananena kuti analandira chikalata cha chilolezo kuchokera ku boma la Ottoman, chimene ankachitcha firman. Chikalata chenichenicho sichinaonekepo. Chomwe chilipo ndi chomasuliridwa m'Chitaliyana, ndipo mawu ake amalola kujambula, kuumba, kukumba pansi ndi kutenga zidutswa zina za miyala. Ngati mawuwa amalola kukwera pakhoma n'kuzula zosema zimene zakhala pamalo ake zaka zoposa 2,000, ndiye pagona mkangano wonse. Mu 2024, pamsonkhano wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, nthumwi ya dziko la Turkey inanena kuti m'nkhokwe zawo za makalata a Ottoman sanapezemo chikalata chotere.

Anthu a Lusieri anagwiritsa ntchito macheka. Miyala ya mdipiti inali yochindikala ndi yolemera, choncho ankacheka kumbuyo kwake n'kutenga nkhope yokha. Kuti azule zithunzi za pamwamba pa zipilala, anagumula miyala imene inazipanikiza. Mu 1802 chombo cha Elgin chotchedwa Mentor chinamira pafupi ndi chilumba cha Kythera chitanyamula mabokosi a zosema, ndipo zinatengera anthu odumphira pansi pa nyanja zaka ziwiri kuti awavuule. Zonse pamodzi anatenga mamita pafupifupi 75 a mdipiti, zithunzi 15 za nkhondo, ziboliboli 17 za pamwamba pa makomo, komanso chiboliboli chimodzi cha mkazi kuchokera pakachisi woyandikana naye wa Erechtheion. Ngakhale kwawo si onse anamuyamika. Wolemba ndakatulo Lord Byron anamudzudzula poyera. Atamira m'ngongole, Elgin anagulitsa miyalayo ku boma, ndipo mu 1816 nyumba ya malamulo itafufuza nkhaniyo inavomera kulipira mapaundi 35,000, ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anawononga. Miyala inalowa mu British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London. Patangopita zaka zisanu, mu 1821, Agiriki anaukira ulamuliro wa Ottoman.

Mbali ya Britain ili ndi mfundo zake, ndipo si zonse zopanda pake. Amati Ottoman ndiwo anali boma la nthawiyo. Amati miyala inkawonongeka, alendo ankabenthula zidutswa, ina inkatenthedwa kuti ikhale laimu. N'zoonanso kuti zosema zimene zinatsala pakachisi zinadyeka ndi utsi wa mumzinda wa Athens m'zaka za m'ma 1900. Amatinso ku London anthu ochokera kulikonse amaziona kwaulere pambali pa zinthu za ku Egypt ndi Persia. Koma mfundo yosunga bwino ili ndi chipsera. Mu 1937 ndi 1938, pokonzekera chipinda chatsopano cha Duveen mu British Museum, antchito anapala miyala ina ndi zitsulo za mkuwa ndi mwala wokhakhala kuti iyere mbee, n'kuchotsa khungu lake lakale. Ndipo chilolezo chopatsidwa ndi wolamulira wachilendo pa chuma cha anthu amene sanafunsidwe, ife a kuno tikuchidziwa fungo lake. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka mumgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chili ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambiri.

Amene anaukweza mlanduwu pamaso pa dziko lonse ndi mayi Melina Mercouri, katswiri wa zisudzo amene anakhala nduna ya zachikhalidwe. Anaunena pamsonkhano wa UNESCO ku Mexico mu 1982, ndipo chaka chotsatira Greece inapereka pempho lake ku boma la Britain. Yankho limazungulira: boma limati nkhaniyi ndi ya oyang'anira British Museum, oyang'anirawo amati lamulo la 1963 limawaletsa kupereka katundu wa m'nyumbamo. Akuti angathe kubwereketsa. Greece imakana mawu oti kubwereka, chifukwa munthu sabwereka chake, ndipo kuvomera kungakhale kusaina kuti mwini ndi Britain.

Kwa nthawi yaitali ankanenanso kuti Athens alibe malo abwino osungiramo. Mu 2009 Agiriki anatsegula Acropolis Museum m'munsi mwa phirilo. Chipinda chapamwamba ndi cha magalasi, chinayang'ana mbali imodzimodzi ndi kachisi, ndipo kachisi weniweniyo amaonekera pawindo. Mdipiti anauyala monga unalili, miyala yeniyeni yofiirira pambali pa zifanizo zoyera za pulasitala m'malo mwa imene ili ku London. Ena ayamba kubweza: nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Palermo, ku Italy, inabweza kachidutswa ka phazi la mulungu wamkazi mu 2022, Vatican inabweza zidutswa zitatu mu 2023. Koma chifuwa cha Poseidon chili ku Athens pamene mapewa ndi msana wake zili ku London, ndipo chidutswa cha mutu wa Athena chili ku Athens pamene thupi lake lili ku London. Ine ndimaona kuti miyalayi iyenera kubwerera kwawo, chifukwa wosema anasema thupi limodzi.

Pansi pa chipinda chimenecho paima ziboliboli za akazi a ku Erechtheion, amene anasenza denga la khonde pamitu pawo. Analipo asanu ndi mmodzi. Apaulendo a nthawi ya Elgin analemba kuti anthu a mumzinda ankati usiku amamva otsalawo akulira mbale wawo. Lero asanu aima m'malo awo monga anaimira pakhonde paja, ndipo malo a wachisanu ndi chimodzi anawasiya opanda kanthu.