Forklift Yopanda Dalaivala Sinyamula Paleti Yothyoka

Dalaivala wa forklift (galimoto yonyamula ndi kukweza katundu ndi mafoloko awiri achitsulo) amene wakhala pa ntchito zaka khumi amachita zinthu zambiri zimene iye mwini sazidziwa kuti akuzichita. Akafika pa paleti (kathandala ka matabwa kosanjikapo katundu) yoti thabwa lina lathyoka, amalowetsa mafoloko mopendeka pang'ono, n'kukweza mofatsa, n'kumvetsera mmene katundu wakhalira, basi ulendo. Pulasitiki yokulungira makatoni ikalendewera pansi, amatsika n'kuidula ndi kampeni ka m'thumba. Thiraki ikaima mokhota pakhomo, nayenso amakhota nayo. Zonsezi m'buku la malamulo a ntchito mulibe. Zimadzaonekera tsiku limene kampani yagula makina oyenda okha, n'kupeza makinawo angoti chilili pakati pa njira, nyali yachikasu ili phethiphethi, akukana paleti imene munthu akanainyamula maso ali kwina.

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza makina amenewa, ndipo funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti kodi makinawa ndi anzeru bwanji. Yankho langa limakhumudwitsa ambiri. Nzeru zawo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za dalaivala wamba. Chimene amaposa nacho munthu ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi usiku wonse osatopa, osasinza, osalakwitsa malo. Koma kuti atero, pamafunika kuti fakitale yonse iwongoledwe kaye, kuyambira pa simenti ya pansi mpaka m'mabuku a katundu.

Pa Chingerezi amawatchula AGV, ndipo atsopano amene amatha kudzisankhira njira amawatchula AMR. Ena amangoti maloboti, koma kwathu kuno dzina limenelo tinalipatsa kale magetsi a pamphambano za misewu, ndiye ine ndizingoti ngolo zoyenda zokha.

Ngolo zimenezi si zadzulo. Yoyamba inapangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi kampani ya Barrett Electronics ya ku Northbrook, m'chigawo cha Illinois ku America, ndipo inali kathirakitala kokoka ngolo za katundu potsatira waya. Mu 1974 kampani ya Volvo inatsegula fakitale ku Kalmar, m'dziko la Sweden, momwe magalimoto omwe akumangidwa ankayenda pa ngolo zamabatire zoyang'aniridwa ndi kompyuta, m'malo mwa lamba wautali wa masiku onse. Pofika 1993, pa doko la Rotterdam ku Netherlands, makontena anali atayamba kuyenda pa magalimoto opanda dalaivala kuchoka pa sitima kupita kosanjikizidwa.

Nkhani yaikulu pa makinawa ndi yakuti amadziwa bwanji pamene ali. GPS imene ili m'foni yanu sithandiza, chifukwa pansi pa denga la malata sigwira bwino, ndipo ngakhale panja imaphonya ndi mamita angapo. Forklift yolowetsa mafoloko m'mabowo a paleti siyenera kuphonya ngakhale ndi chala chimodzi.

Njira yakale ndi ya waya. Amadula kangalande kakang'ono mu simenti, n'kukwiriramo waya wodutsa magetsi ochepa. Pansi pa ngoloyo pamakhala tizipangizo tiwiri, kumanzere ndi kumanja, tomva mphamvu ya maginito yochokera mu wayayo. Kumanzere kukamveka kwambiri kuposa kumanja, ngolo imadziwa kuti yapatuka, n'kudziwongola. Njira imeneyi ndi yodalirika ngati njanji, ndipo vuto lake n'lofanananso ndi la njanji: mukafuna kusintha kayendedwe, muitane anthu odula simenti. Ena anapeputsa pomata tepi yamaginito pamwamba pa simenti, koma tepi imapondedwa ndi matayala n'kumatuka.

Kenako kunabwera laser. Pamwamba pa forklift pamakhala kachipangizo kozungulira kotumiza kuwala mbali zonse, ndipo m'makoma ndi m'mizati mumamatidwa timapepala tonyezimira tobweza kuwalako. Makina akaona timapepala titatu kapena kuposerapo, amawerengera mbali imene kalikonse kali ndi kutalika kwake, n'kudziwa pamene aima, monga msodzi wa panyanja amadziwira malo ake a usipa poyang'ana phiri ili ndi chilumba icho. Mafakitale ambiri a zakumwa ndi a mapepala amakonda njira imeneyi chifukwa siphonya kwenikweni. Chofooka chake n'chakuti munthu akaunjika mapaleti kutsogolo kwa timapepala tija, makina amakhala ngati amangidwa kumaso.

Njira yatsopano sifuna waya kapena timapepala. Tsiku loyamba timayendetsa makinawo ndi manja m'nyumba yonse, iwo akujambula mapu a makoma, mizati ndi mashelefu. Kuyambira pamenepo amayerekeza zimene akuona ndi mapu aja. Ogulitsa amaitama kwambiri njira imeneyi, ndipo n'zoona kuti imafulumira kuika. Koma saulula msanga kuti nyumba yosungiramo katundu imasintha nkhope tsiku ndi tsiku. Pamene dzulo panali khoma la matumba a shuga, lero pali poyera. Mpata wautali wa pakati pa mashelefu ofanana umaoneka chimodzimodzi kuyambira kuno mpaka uko. Makina akasokonezeka chotero sayenda mongoganizira. Amaima n'kuitana munthu.

Kuimako n'kumene kumatopetsa mamanijala, komanso n'kumene kumapulumutsa miyendo ya anthu. Forklift wamba ndi chilombo. Imalemera kuposa galimoto yaing'ono chifukwa cha chitsulo cha kumbuyo cholinganiza kulemera kwa katundu, imakhota ndi matayala a m'mbuyo, ndipo ikanyamula katundu wamtali dalaivala saona kutsogolo. Anthu amafa nayo chaka chilichonse m'maiko ambiri, ena popanikizidwa kukhoma, ena ikagubuduzika. Yoyenda yokha imakhala ndi diso la laser pafupi ndi pansi, molingana ndi akakolo a munthu, loyang'ana zigawo ziwiri. Chinthu chikalowa m'chigawo cha kutali, makina amachepetsa liwiro. Chikalowa m'cha pafupi, amamanga mabuleki nthawi yomweyo. Liwiro likakwera, zigawozo zimatalikanso, chifukwa katundu wolemera tani imodzi saima pomwepo. Malamulo a zimenezi ali mu muyezo wa ISO 3691-4, umene unatuluka koyamba mu 2020.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimauza aliyense wogwira ntchito pafupi ndi makinawa. Diso la pansi lija limaona mzere umodzi wokha, ngati mpeni wodula mpweya chopingasa. Limaona mwendo wanu, koma silingaone mafoloko a forklift ina amene ali m'mwamba, kapena paipi yotuluka pa shelefu molingana ndi chifuwa. N'chifukwa chake makina abwino amaonjezera makamera oona m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake dalaivala wosiya mafoloko ali okweza pamphambano amatipweteketsa mutu.

Tsopano tibwere pa paleti, pamene pagona nkhani yonse. Paleti ya ku Ulaya ndi mamilimita 1200 m'litali ndi 800 m'lifupi. Ku Britain ndi ku South Africa yofala ndi ya 1200 ndi 1000. Ku America amayeza mainchesi 48 ndi 40. Mapaleti abuluu a CHEP amene mumawaona kuseri kwa masitolo akuluakulu ndi obwereketsa, ndipo kampaniyo inayambira ku Australia pa zipangizo zimene asilikali a America anasiya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ubwino wa mapaleti otere ndi wakuti onse ndi ofanana ndipo amakonzedwa akathyoka. Makina amafuna zimenezo. Kamera ya pa mafoloko imafufuza mabowo awiri a kukula kodziwika. Ikapeza chipika chapakati chathothoka, kapena pulasitiki yatseka bowo, imakana. Mafakitale amene anachita bwino ndi makinawa anayamba ndi kuika poyezera mapaleti pakhomo, kuti yopunduka isalowe n'komwe.

Simenti ya pansi nayo ili ndi mawu. Tiyerekeze kuti matayala a kumanzere ndi a kumanja atalikirana mita imodzi ndi theka, ndipo mbali imodzi yatsika ndi mamilimita atatu okha, oti diso silingaone. Mukakweza paleti mamita khumi m'mwamba, kupendeka kumeneko kumasanduka mamilimita 20. Mpata wa pakati pa paleti ndi chitsulo cha shelefu si waukulu, ndiye mamilimita 20 si masewera. Dalaivala amakonza ndi dzanja osaganiza n'komwe. Pa makina, pamafunika kupala simenti kapena kuthira ina, ndipo ndalama yake nthawi zina imadzidzimutsa amene anangowerengera mtengo wa forklift yokha.

Pa fakitale ina ya zakumwa imene ndinagwirako, ngolo imodzi inkaima pamalo amodzimodzi madzulo aliwonse, popanda choitchinga. Tinasintha sensa (kachipangizo kamene makina amaonera), tinayeza mawaya, tinajambulanso mapu, koma ayi ndithu. Tsiku lina bambo wina wachikulire, dalaivala wa shifiti ya masana, anandipeza nditagwada pambali pake.

"Achimwene, mwavutika masiku angapo. Mwayang'anako chitseko icho?"

"Chitseko chatani, bambo?"

"Nthawi ino anyamata amachitsekula kuti mphepo ilowe. Dzuwa limalowa chogona, ngakhale ine limandithobwa."

Analondola. Kuwala kwa dzuwa lolowa kunkagunda pa diso la makina. Tinaika kansalu kotchinga pachitseko, vuto linathera pomwepo.

Ngolo zikachuluka pamafunika wapolisi wa pamsewu, ndipo wapolisiyo ndi pulogalamu ya pa kompyuta yolumikizana nazo kudzera pa Wi-Fi. Imagawa ntchito, imaletsa ngolo ziwiri kukumana mu mpata wopapatiza, ndipo imatumiza yotsika batire kukatchaja. Kale kampani iliyonse inali ndi chiyankhulo chake, moti ngolo zopangidwa ndi kampani ya Linde ndi za kampani ya Jungheinrich sizikanamvera wapolisi mmodzi. Opanga magalimoto a ku Germany, atatopa ndi zimenezi, anakhazikitsa muyezo wotchedwa VDA 5050 kuti ngolo za makampani osiyana zizilandira malamulo kuchokera ku pulogalamu imodzi. Koma pulogalamuyo imakhulupirira chilichonse cholembedwa. Ngati kompyuta ikunena kuti malo akutiakuti ndi opanda kanthu pamene wina anaikapo paleti usiku osalemba, makina afika ndi katundu wawo n'kusowa potula.

Ena anaona kuti m'malo molimbana ndi chisokonezo cha anthu, kuli bwino kuwachotsamo m'chigawo cha makina. Kampani ya Kiva Systems, imene inayamba mu 2003, inapanga timangolo tafupi tolowa pansi pa shelefu, n'kuinyamula yonse kupita nayo kwa munthu woima pamalo amodzi. Timayenda powerenga zizindikiro zomatidwa pansi, mkati mwa mpanda umene munthu salowamo chisawawa. Amazon inagula kampaniyi mu 2012 pa mtengo wa madola 775 miliyoni, ndipo mu 2025 inalengeza kuti makina ake afika miliyoni imodzi. Munthu sayendanso mtunda kufunafuna katundu, koma amaima maola ambiri manja akuthamanga pa liwiro la makina. Abale athu ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu za ku Midlands ku England akudziwa kuti kutopa kwake n'kwa mtundu wina.

Kuunjika makina ambiri amabatire pamalo amodzi kulinso ndi zoopsa zake. Mu February 2019 nyumba yaikulu ya katundu ya kampani ya Ocado ku Andover, ku England, inapsa yonse ndi moto umene unayambira potchajira mabatire a makina.

Nanga ntchito za madalaivala? Sindinama kuti sizichepa. Ulendo wobwerezabwereza wochoka pamakina opakira kupita kosungira, mtunda womwewo usana ndi usiku, ndi umene umayamba kutengedwa. Koma masamu ake amadalira malo. Forklift yoyenda yokha imadula kangapo kuposa wamba, ndipo pa ola limodzi dalaivala waluso amaiposa kuchuluka kwa mapaleti. Imabweza ndalama kumene malipiro ndi okwera, madalaivala akusowa, ndipo fakitale ikugwira mashifiti atatu. Kupakira m'thiraki, kugwira ntchito panja pa fumbi ndi mvula, ndi kunyamula katundu wosakhala pa paleti zikadali kwambiri m'manja mwa anthu. Kwa achimwene amene akuyendetsa forklift ku Johannesburg kapena ku Durban, n'kumakonzetsanso satifiketi zaka ziwiri zilizonse monga lamulo la kumeneko limafunira, langizo langa ndi lakuti makinawa akafika musawathawe. Phunzirani kuwadzutsa akaima, kupukuta masensa, ndi kuwerenga zimene akudandaula pa sikirini. Kampani imafuna munthu wotero pa shifiti iliyonse, ndipo wodziwa kale kakhalidwe ka katundu amaphunzira msanga kuposa wochokera ku koleji.

Ku Malawi masamuwo sakugwirizana pakali pano. Feteleza ndi chimanga zimayenda m'matumba a makilogalamu 50 pa mapewa a aganyu, ndipo ambiri mwa matumbawo sanagonepo pa paleti. Magetsi akathima, Wi-Fi ndi potchajira zimathima nawo pokhapokha jenereta ilipo. Sensa ikafa, ina imachokera ku Ulaya ndi ndalama zakunja zimene banki ikuti mudikire. Mwini fakitale wa ku Kanengo kapena ku Makata akandifunsa poyambira, ndimamuuza kuti agule mapaleti a muyezo umodzi, akonze maenje a mu simenti, ajambule mizere yolekanitsa anthu oyenda pansi ndi ma forklift, ndipo shelefu iliyonse ikhale ndi nambala yogwirizana ndi ya m'kompyuta. Ambiri akamva zimenezi amafunsanso mtengo wa makina aja, ine n'kuwapempha kuti tiyambe tazungulira kumene amasunga mapaleti.