SSD nayonso imawonongeka magetsi akazima

Ambiri timakhulupirira kuti kompyuta ya SSD (chipangizo chosungiramo mafayilo) siopa kuzima kwa magetsi poti mulibe chozungulira ngati mu hard drive, chosungiramo mafayilo chokhala ndi disiki yozungulira. Si zoona. Ngakhale hard drive zamakono zimachotsa zokha singano yowerengera pa disiki magetsi akangothima. Ngozi yeniyeni ili pa zomwe zinkalembedwa nthawiyo.

SSD zambiri zimayamba zasunga zinthu m'memori yongoyembekezera, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili. Magetsi akadukiza ntchitoyo, fayilo ikhoza kuwonongeka, nthawi zina SSD yonseyo kompyuta osaionanso.

Surge protector sithandiza pamenepa, imangotchinga mphamvu yochuluka magetsi akamabwerera. Pa kompyuta ya patebulo (desktop) ikani UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi, ikupatseni mphindi zoti muzimitse bwinobwino. Ndipo chonde, mafayilo ofunika muziwasunganso pena.