Mitambo yozizira imene imalengeza monsoon

Anthu ambiri amaganiza kuti monsoon, nyengo ya mvula yaikulu ya ku India, yayamba tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Ife a zanyengo sititero. Ku India mvulayi imayembekezeka kufika ku Kerala, chigawo cha m'mbali mwa nyanja kumwera kwa dzikolo, pa 1 June, koma mu 2023 inafika pa 8 June, ndipo mu 2025 inalawirira, inafika pa 24 May. Masabata awiri amenewa si nkhani yamasewera m'dziko limene mvula yambiri ya chaka chonse imagwa m'miyezi inayi yokha.

Chovuta n'chakuti monsoon imabadwira panyanja, kumene zoyezera mvula n'zochepa kwambiri. Maso athu kumeneko ndi setilaiti.

Setilaiti ngati INSAT-3D, imene inatumizidwa mumlengalenga mu 2013, imayeza kutentha kumene dziko likutulutsa. Nyanja yopanda mitambo imatulutsa kutentha kochuluka. Koma mtambo wa mabingu umakwera makilomita oposa 12, ndipo nsonga yake imazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, choncho umatulutsa kochepa. Pachithunzi umaoneka woyera mbee, nyanja ili bii. Mukaona zigamba zoyerazo zikulumikizana tsiku ndi tsiku kumwera chakumadzulo kwa Kerala, mtima umagunda ndithu.

Ngakhale zili choncho, nthambi ya boma yoona zanyengo ku India, India Meteorological Department, silengeza msanga kuti monsoon yayamba. Imadikira kuti kutentha kotuluka m'dera limenelo kutsike pansi pa mawati 200 pa sikweya mita, mphepo yochokera kumadzulo ilimbe mpaka m'mwamba, ndiponso ambiri mwa malo 14 oyezera mvula osankhidwa alandire mvula yosachepera mamilimita 2.5 masiku awiri otsatizana. Ena amati n'kuchedwetsa zinthu. Ine ndimagwirizana nako kusamalaku, chifukwa zaka zina mu May kumabwera mvula yonamiza, yonga chizimalupsa: imagwa masiku ochepa kenako dzuwa n'kuswa mtengo. Mlimi amene anabzala poikhulupirira amataya mbewu yake.

Nayo mitambo imanamiza. Ilipo ina yopyapyala, ya m'mwamba kwambiri, yozizira zedi koma yosagwetsa ngakhale dontho. N'chifukwa chake mu 1997 a bungwe la ku America la NASA ndi anzawo a ku Japan anatumiza setilaiti ya TRMM yokhala ndi rada yoloza m'kati mwa mtambo kuti ione madontho enieniwo. Inagwira ntchito mpaka 2015, ndipo setilaiti ina ya GPM, imene inanyamuka mu 2014, ndiyo ikupitiriza kuyeza mvula panyanja pomwe palibe munthu woti aiyeze.