Moto wa ku Guruvayur unadzutsa luso lomwe linkafa

Pakati pa usiku, kucha kwake kuli pa 30 Novembala 1970, moto unabuka pa kachisi wa mulungu Krishna ku Guruvayur, m'chigawo cha Kerala kumwera kwa India. Fano lomwe Ahindu amapembedza pamalopo linapulumuka, koma zithunzi zakale za pa makoma zinawonongeka. Akuluakulu a kachisiyo atayamba kufunafuna amisiri oti ajambulenso, anapeza kuti odziwa ntchitoyi atsala ongowerengeka pa zala. Mmodzi mwa iwo anali Mammiyoor Krishnankutty Nair.

Luso limeneli linali litaiwalika pang'onopang'ono. Kale ojambula ankadalira mafumu ndi makachisi, ndipo mphamvu za mafumu zitayamba kuchepa, ntchito nayonso inasowa. Chinanso, kuyambira 1894 makina a wojambula wotchuka Raja Ravi Varma anayamba kusindikiza zithunzi za milungu pa mapepala, zotsika mtengo, zoti aliyense apachike m'nyumba mwake. Ndani akanadikira miyezi kuti khoma limodzi lithe?

Kudikirako ndi kumene kumandigwira mtima. Mmisiri sayamba ndi burashi, amayamba ndi khoma. Amalimata ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, kenako n'kulipaka laimu wosungunula m'madzi a kokonati wanthete, mobwerezabwereza, maulendo oposa 20, mpaka khomalo litasalala ngati chikhatho cha mwana. Mitundu ya utoto ilipo isanu basi, ndipo eni ake amaitcha panchavarna. Wofiira ndi wachikasu amaupera kuchokera ku miyala, wobiriwira amaupeza ku masamba, wakuda ndi mwaye wa nyale ya mafuta a chitowe. Woyera sapaka ayi: ndi khoma lomwelo, losiyidwa dala. Choncho mmisiri amayenera kudziwiratu pomwe padzakhale mkanda kapena diso loyera asanakhudze khoma. Utoto amaumata ndi utomoni wa mtengo wa nimu, burashi n'kupanga ndi udzu womangirira ku kansungwi.

Ndiponso mmisiri sajambula za m'mutu mwake. Ndakatulo zachipembedzo za m'Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India, zimanena kuti mulungu wakuti ali ndi manja angati, agwire chiyani, akhale wamtundu wanji. Maso amajambulidwa pomalizira penipeni, chifukwa kwa okhulupirira, kutsegula maso ndiko kupatsa chithunzicho moyo.

Amene akufuna kuona zomwe amisiri akale ankatha apite ku nyumba yachifumu ya Mattancherry mumzinda wa Kochi, ku Kerala komweko. Apwitikizi anaimanga cha m'ma 1555 n'kuipereka kwa mfumu ya Kochi, ndipo Adatchi anaikonzanso mu 1663. M'chipinda chogona mfumu, makoma adzaza ndi nkhani yakale ya Ahindu yotchedwa Ramayana: anthu, anyani ndi ziwanda zothithikana mosasiya mpata. Ku nyumba yachifumu ya Krishnapuram, ku Kayamkulam, kuli chithunzi cha Gajendra Moksham, kutanthauza kupulumutsidwa kwa njovu Gajendra, chachikulu mamita oposa 4 mbali ina ndi oposa 3 mbali inayo: ng'ona yagwira mwendo wa njovu, njovuyo yakweza duwa ndi chitamba chake, mulungu Vishnu akutsika atakwera chimbalame chake Garuda kudzaipulumutsa.

Mantha a pambuyo pa motowo anabala sukulu. Mu 1989 bungwe loyang'anira kachisi wa Guruvayur linatsegula sukulu yophunzitsa kujambula pa makoma, Krishnankutty Nair n'kukhala mphunzitsi wamkulu woyamba. Maphunziro ake amatenga zaka zisanu.

Lero zojambula za mtundu umenewu zili ponseponse, m'mahotela, pa nsalu za sari, pa zinsalu zopachika zojambulidwa ndi penti wogula m'sitolo. Sindingawadzudzule ojambulawo, pakuti munthu amadya thukuta lake, ndipo makachisi ofuna makoma atsopano ndi ochepa. Koma mtima wanga uli ndi ophunzira aja omwe akuperabe miyala n'kumakanda mwaye pa mbiya, monga ankachitira ojambula a ku Mattancherry.