Mfuti yofatsa, trigger yamakani: zoona zake za timarevolver ta .22

Mayi wina wachikulire, amene manja awo anayamba kuvuta ndi nyamakazi, anafika pamalo athu ophunzitsira kuwombera atanyamula Smith & Wesson 43C, mfuti yaing'ono ya m'manja ya mtundu wa revolver yolowa zipolopolo zazing'ono za .22, ikadali m'bokosi. Kusitolo anawauza kuti .22 ndiyo mfuti ya munthu wa manja ofooka. Atawombera koyamba anamwetulira, poti mfutiyo sinawakankhe n'komwe. Koma pofika chipolopolo chachisanu chala chinali chitalema, akukoka trigger, kachitsulo koombera kaja, ndi zala ziwiri, mpope ukugwedera uku ndi uku. Anandicheukira n'kufunsa, "Aphunzitsi, kodi yafa?"

Inali bwinobwino. Wa kusitolo uja anangowauza theka la nkhani, ndipo theka linalo lili m'kapangidwe ka chipolopolo chenichenicho.

Zipolopolo zambiri, monga 9mm kapena .38 Special, zili ndi kabatani pakati kumbuyo kwake, kotchedwa primer. Kakamenyedwa kamayatsa wonga. Chipolopolo cha .22 chilibe kabatani kameneka. Mankhwala oyatsa amathiridwa ali onyowa m'kati mwa khoko, khokolo n'kuzungulitsidwa mwamphamvu kuti mankhwalawo athawire m'mphepete, mu mkombero wa pansi. N'chifukwa chake amati rimfire. Nzeruyi ndi yakale: Smith & Wesson anatulutsa .22 Short mu 1857, ndipo .22 Long Rifle imene tikugwiritsa ntchito lero inabwera mu 1887. Kuti moto uyake, mfuti iyenera kuphwanya mkombero wa mkuwa uja. Pamafunika nkhonya yamphamvu, ndiye opanga amaika sipuling'i yolimba kuposa ya revolver ya .38 yofanana nayo kukula. Chala chanu ndicho chimafinya sipuling'i imeneyo.

Taonani mmene masamu ake alili. 43C imalemera magalamu opitirira pang'ono 300, pamene trigger yake imafuna mphamvu ya makilogalamu 5 kapena 6. Ndiye kuti chala chikukoka katundu woposa kulemera kwa mfutiyo ka 15, inu mukufuna mfutiyo isasunthe. Ruger LCR ya .22 imalemerako pang'ono, magalamu opitirira 400, ndipo trigger yake imayenda mosalala, koma nayonso ndi yolimba kuposa inzake ya .38. Ena amathamangira kusintha sipuling'i n'kuikamo yofewa. Chala chimapumadi, koma mfuti imayamba kukana kulira. Ine mfuti yoti munthu adzadalire pa moyo wake sindiichita zimenezo.

Makani omwewa ndi amene amachititsa kuti kamfutika kakhale mphunzitsi wabwino. Wophunzira wogwira .38 yopepuka amayamba kuphethira ndi kugwetsa mpope mfuti isanalire, chifukwa thupi likudikira kukankhidwa. Pa .22 mantha amenewo palibe, choncho cholakwa chilichonse chimaonekera poyera kuti chachokera ku chala. Zipolopolo zake n'zotchipa kwambiri, moti munthu amawombera 200 madzulo amodzi thumba osalira, dzanja osatupa. Amene waphunzira kukoka trigger imeneyi mpope osagwedera, mfuti zina zonse amaziona ngati masewera.

Nkhani ya ma sight, tizitsulo ta pamwamba pa mfuti tolozera chandamale, imapweteketsa ambiri. Timfuti timeneti mpope wake sukwana mainchesi awiri, ndipo kuchokera pa sight ya kumbuyo kufika ya kutsogolo pali masentimita pafupifupi 10 okha. Mukaphonyetsa ndi milimita imodzi yokha pamenepo, pa mtunda wa mamita 7 chipolopolo chigwera masentimita 7 kumbali. Mfutiyo payokha imalunjika bwino, vuto ndi loti siikhululuka. Kuwonjezera apo, pa zambiri sight ya kumbuyo ndi kangalande kongosemedwa pamwamba pa chitsulo, kosatheka kusuntha. 43C ili ndi kadontho koyera kutsogolo, kamene diso limakapeza msanga ngakhale kukuda, koma pa mamita 15 kamaphimba chandamale chaching'ono. Model 317 Kit Gun, ya mpope wa mainchesi atatu, ili ndi sight yosinthika ndiponso kaulusi kowala kutsogolo. Pophunzitsa ndimakonda imeneyo, ngakhale kuti m'thumba imakola nsalu.

Sight ikakhala yosasunthika, chosintha ndi chipolopolo. Cholemera 40 grain (grain ndi muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) ndi chopepuka chothamanga sizigwera malo amodzi. Gulani mitundu itatu kapena inayi, muwombere manja atatsamira patebulo, muone umene ukugwera pamene mukuloza. Ngati sight ya kutsogolo ili yakuda bii, kadontho ka penti ya zikhadabo yofiira kapena ya lalanje kamathandiza kuposa mmene mungaganizire.

Tsono kudalirika. Anthu amakonda kunena kuti revolver siikhumudwitsa. Pa .22 mawuwo ndi oona mbali imodzi. Mankhwala aja nthawi zina safika mkombero wonse, ndipo mfuti ikamenya pamalo opanda kanthu mumangomva kuti khe, basi. Zimachitika kawirikawiri ndi zipolopolo zotchipa za m'mabokosi aakulu kuposa zosankhika monga CCI Mini-Mag. Apa revolver imapambana pisitolo: mukakokanso trigger, cylinder, chitsulo cha mabowo chosunga zipolopolo, imazungulira n'kubweretsa chipolopolo china, ndipo 43C ndi LCR zonse zimanyamula 8. Koma pamalo ophunzirira musafulumire. Lozetsani mfuti ku chandamale masekondi 30, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuyaka.

Chimene chimaimitsa revolver ya .22 kwenikweni ndi litsiro. Mtovu wa .22 Long Rifle umapakidwa phula kunja, ndipo phulalo likasakanikirana ndi mwaye limamata m'mabowo a cylinder. Pakapita mabokosi angapo, zipolopolo zimayamba kulowa mokakamiza. Chimene sichinakhale pansi bwino chimameza nkhonya ija, osayaka. Choipa kwambiri ndi kanjere ka wonga wosapsa kakagwera pansi pa kachitsulo kooneka ngati nyenyezi kotulutsa makoko. Kamodzi kokha n'kokwanira kuti cylinder ikane kutseka. Ndaonapo bambo wamkulu akutuluka thukuta, akuti mfuti yathyoka, ine n'kungodutsitsa mswachi wakale pansi pa kanyenyeziko, ntchito n'kuyambiranso. Potulutsa makoko, mpope uloze kumwamba kuti zinyalala zigwe pamodzi ndi makokowo, ndipo pamalo amenewo pasakhale mafuta. Za kukoka trigger mfuti ili yopanda zipolopolo, werengani kaye kabuku ka mfuti yanu, popeza pa rimfire zina chitsulo chimamenya chitsulo n'kuwononga mlomo wa bowo.

Nanga yoyenda nayo podziteteza? Ku America, kumene mfutizi zimapangidwa ndipo malamulo a madera ambiri amalola munthu kuyenda ndi mfuti yobisa, mkangano umenewu sutha. Muyezo wa FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, umafuna kuti chipolopolo chilowe mainchesi 12 mpaka 18 mu gel yoyesera, yofanizira mnofu wa munthu, ndipo .22 yochokera mu mpope waufupi imafika pamenepo movutikira, mitundu ina osafika. .22 Magnum ya Winchester, ya mu 1959, ili ndi mphamvu yochulukirapo, koma mu mpope waufupi wonga wambiri umapsera kunja, phokoso ndi malawi zili tho. Musaike .22 Long Rifle m'bowo la Magnum, khoko limang'ambika. Malamulo nawo amasiyana kutali. Ku Britain, pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ndi mfuti ku Dunblane mu 1996, malamulo a mu 1997 analetsa mfuti za m'manja, ngakhale za .22. Ku South Africa, lamulo la mu 2000 limafuna kuti munthu akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika asanapatsidwe satifiketi yoyenerera kukhala ndi mfuti.

Maganizo anga ndi akuti amene angathe kuwombera .38 kapena 9mm molunjika atenge imeneyo, .22 ikhale yophunzirira. Amene kukankha kwa mfuti kumamupweteka, .22 imene amamenya nayo chandamale imaposa yaikulu imene amaiopa, bola chala chizitha trigger ka 8 motsatizana. Mayi aja sanathe. Tinayesa kwa milungu itatu, akufinya kampira kunyumba, koma nyamakazi sinalole. 43C anaibweza, ndipo pano amaphunzira ndi pisitolo ya .22 ya trigger yofewa, mswachi uli m'chikwama.